Chiphaso cha Modester ndi Nkhani za pa Foni

Modester anali pa nazale ya fodya, kheni ili m'manja, pamene mwana wake Tithokoze anatulukira akuthamanga ndi foni.

"Amayi, siyani kaye kuthirira! Akuti mayina a sabuside afufutika m'makina. Aliyense apereke chiphaso cha unzika kwa anthu amene abwere pa msika mawa, akamulembetsenso."

Inu amene mukufuna nkhani yolimbikitsa, mumudziwe kaye mayiyu, ndipo ine zokometsera sindizitha. Kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera ku Chulu ndi mwamuna wake kudzalowa utenanti pa esiteti ya fodya. Mwamunayo anamwalira, n'kumusiyira ana awiri ndi foni yong'aluka galasi. Chaka chimenecho Modester anali atabwereka kamunda m'mudzi wapafupi, dzina lake n'kulowa pa feteleza wotsika mtengo. Mtima wake unali pamodzi: akakolola chimanga chakechake, utenanti basi.

Sanafunse kalikonse. Nkhani inali yolembedwa, chithunzi cha matumba chinalipo, ndipo pa WhatsApp aliyense ankangoti tumizani kwa ena. M'mawa mwake anapereka chiphaso kwa anyamata awiri ovala mataye. Pakutha pa sabata anamubwezera ndi ulemu wonse.

Tsiku logula litafika, anaima pa mzere dzuwa likuswa mtengo. Kalaliki wa pa depoti anayika chiphaso pa makina, n'kupukusa mutu.

"Mayi, pano zikuonetsa kuti munagula kale."

Anyamata aja anali mavenda, ndipo feteleza wake anali atagula iwo ndi chiphaso chija.

Chimanga chinangoti psuu, chofika m'chiuno, zitsononkho ngati chala. Modester anabwerera kwa bwana wa esiteti kukapempha utenanti wa chaka china. Foni ija anafuna kuiponya m'chimbudzi. Chimene chinamugwira dzanja ndi Tithokoze, amene anasiya kudya, kumangoti, "Ndine ndinawerenga, amayi. Ndine."

"Iwe unawerenga, ine ndinapereka," anatero Modester. "Tonse sitinafunse. Pukuta mamina."

Modester sukulu analekeza Sitandade 4, koma manyazi anawasiya kunyumba. Anapita kwa alangizi a zaulimi ndi foni ija kuti amuonetse pamene panali bodza. Alangiziwo anamuonetsa: wolemba palibe, tsiku palibe, chithunzi n'chakalekale.

"Ndipo nkhani ikakuthamangitsani, n'kumafuna kanthu kanu, imani kaye," anatero.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, ana ankamuwerengera nkhani za pa foni mokweza, iye akusenda mtedza n'kumawadula pakamwa.

"Walemba ndani? Liti? Wailesi yanena?"

"Amayi, iyi ndi ya mpira," ankadandaula Ephraim, wamng'onoyo.

"Olo ya mpira. Wogula fodya amakhulupirira pamwamba pa belo? Amapisa dzanja m'kati. Pisa dzanja."

Poyamba anawo ankanyinyirika. Kenako zinasanduka masewera. Ephraim anagwira yekha nkhani ya mvula ya matalala imene chithunzi chake chinali cha dziko lina, magalimoto akuyenda mbali yolakwika ya msewu, ndipo anayenda modzitama tsiku lonse. Amayi a pa esiteti ankaseka kuti Modester watsegula sukulu yopanda belu. Patapita miyezi, omwe ankasekawo anayamba kutumiza ana awo.

Chaka chotsatira anabwerekanso kamunda kaja. Feteleza wokulitsa anagula yekha, chiphaso atachimanga pa nsonga ya chitenje. Koma wobereketsa sanabwere. Disembala inafika, chimanga chinayamba kuoneka chikasu, ndipo Modester anaona utenanti ukumuyandikiranso.

Tsiku lina akupalira, Tithokoze anafika kumunda ndi foni. Ulendo uno sanathamange.

"Amayi, akuti wobereketsa wafika pa depoti. Agulitsa mpaka Loweruka, kenako galimoto ipita dera lina."

Modester sanaweramuke n'komwe.

"Zandikwana za pa fonizo. Mabodza okhaokha. Tenga khasu."

"Ayi, amayi. Inu simunatiphunzitse kukana. Munatiphunzitsa kufunsa."

"Iwe, ukuyankha ndani choncho?"

"Inuyo. Tandifunsani."

Modester anaima, dzanja lili m'chiuno. "Walemba ndani?"

"Mtolankhani, dzina lake ili apa, pa tsamba la nyuzipepala. Tsiku ndi la lero. Wailesi yanena masanawa, ndamva kwa a Jeremiya okonza njinga. Ndaflashanso alangizi, ayimba, akuti ndi zoona."

"Akufuna chiyani kwa ine?"

"Palibe. Akuti mubwere nokha ndi chiphaso chanu, osapatsira munthu."

Modester anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ana chimanga chake. Khasu analisiya pomwepo pa mzere.

Anapita yekha ku depoti. Kalaliki anayika chiphaso pa makina, ndipo Modester anatseka maso.

"Thumba limodzi la wobereketsa. Wotsatira!"

Anakhala pansi pa thumbalo n'kupuma mpweya umene anausunga chaka chathunthu. Amene anati za pa foni zonse ndi mabodza anafika Lolemba, n'kupeza pa depoti pali mbuzi zokha.

Chaka chimenecho Modester anakolola, ndipo kwa bwana wa esiteti sanabwererenso. Sanalemere ayi, musandinamizire. Koma akulima zake, ana akudya, ndipo Tithokoze ali ku sekondale.

Ndiye inu amayi ndi abambo anzanga, ngati munapusitsidwapo, musadzipinde m'nyumba ndi manyazi, ndipo foni musamulande mwana. Khalani naye pansi, awerenge, inu muzifunsa. Sizifuna satifiketi. Mwagwa kamodzi, inde, koma mtima wokha musautaye.

Madzulo a tsiku logula lija, Modester anatsitsa thumba pa njinga ya a Jeremiya n'kubwerera kumunda. Udzu unali ukadali theka la munda.

"Mwaimiranji?" anafunsa anawo akutola khasu. "Feteleza sathira pa udzu. Tiyeni."