Manja a mkamwini

Ndinadzuka kusanache, ngati kutsinzina kwa pamkeka kuja n'kukutcha tulo. Amayi a mpingo anali atatopa ndi nyimbo za usiku wonse, ena akuwodzera chotsamira khoma. Bokosi la amayi anga linali pakati pa chipinda, kandulo ikutha. Ndinasuzumira pazenera. Azibambo anali atazinga moto pansi pa mlambe, koma amuna anga anali paokha pabenchi, manja atawapanikiza pakati pa maondo.

Mulungu andikhululukire, tsiku limenelo mantha anandikulira kuposa chisoni. Kwathu ku Phalula maliro satuluka anthu asanamve mmene imfa inayendera, ndipo amafotokoza ndi amene analipo. Amayi anamwalira mu ndege pochokera ku Joni, kumene anakaona khanda la mng'ono wanga. Wachibale amene anali nawo ndi amuna anga okha, pobwerera ku msonkhano wa kuntchito. Amuna angawo ndi dokotala.

Ine anali atandiuza kale zonse m'galimoto, tikutsatira bokosi. Mundegemo anakhala mpando wa kutali ndi amayi, monga achitira mkamwini. Chikwatirane chathu sanawagwirepo chanza apongozi awo. Akafuna kuwapatsa kanthu ankaika pansi, amayi n'kutola okha. Ndiye amayi atakomoka, ogwira ntchito mundege anafunsa ngati munali dokotala. Amuna anga anathamanga, anagwada, anapeza mtima wasiya kugunda. Panafunika kuwavula bulauzi n'kumakanikiza pachifuwa. Pamenepo manja anakana. Munthu woti amang'amba odwala tsiku ndi tsiku anangoti kakasi, mpaka mtsikana wina wa mundegemo anawakankha n'kuyamba yekha. Iwo anadzalowapo pambuyo pake. Ndinawafunsa kuti panapita nthawi yotalika bwanji. Anati sakudziwa.

Ndinawachonderera kuti zimenezi asakanene pagulu. Achimwene anga ndi a mtima wapachala, ndipo mlamu wawoyu sanamukondepo. Poti kwawo kwa mlamuyo ndi ku nyanja ya Chiuta, ankamutchula kuti a Matemba, ngakhale pamaso pa ana. Ndinkaona banja langa likutha pabwalo pomwepo, maliro asananyamuke. Amuna anga sanandilonjeze kanthu.

Dzuwa linatuluka laukali. Kuseri kwa nyumba utsi unali tolotolo, nyemba zikukana kupsa. Adzukulu anatumiza mawu kuti nthaka yauma ngati mwala, akufuna madzi othira m'dzenje. Anthu ankangobwerabe, ena pa kabaza, ena pa lole ya ku Rivirivi. Abale a amuna anga anafika ndi thumba la mpunga, atavala zisoti zawo zoyera, n'kukhala chapatali mwaulemu. Ndikudutsa ndi ndowa ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Kufera m'mwamba ngati mbalame, dokotala ali pomwepo?"

Akatekisiti atatha mapemphero, amalume, amene ndi mwini mbumba yathu, anaitana mkamwini kuti afotokoze. Ine sindinayang'ane amuna anga. Maso anga anali pa achimwene. Amuna anga anayamba bwinobwino, za ulendo, za mmene amayi anadandaulira kuti mpweya ukuwachepera. Ndinati mwina adumpha. Koma sanadumphe.

"Ndinachedwa," anatero. "Ndinaopa thupi la apongozi anga. Mwina akanakhala moyo, mwina iyayi. Koma ine ndinachedwa."

Achimwene anayamba kunyamuka pampando. Ndinadzifunditsa chitenje kumutu, ndikudikira phokoso.

Amene analankhula anali amalume, akuyang'ana mkamwini. "Khalani pansi, bambo. Inu munaleredwa. Nanga mukanatani? Mchemwali wangayu ndimamudziwa ine. Akanatsitsimuka n'kumva kuti mkamwini anamuvula, akanafanso kachiwiri ndi manyazi."

Anthu anavomera kuti eya, eya. Amayi ena mpaka anaseka chapansipansi, misozi ili m'masaya. Ndinavundukula chitenje. Achimwene anali atakhalanso pansi, akugwedeza mutu movomereza.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Podutsa msewu waukulu magalimoto anaima, ogulitsa m'mbali mwa msewu anavula zipewa. Fumbi linkalowa m'kamwa tikamaimba. Chapakati pa njira ndinaona achimwene akuchoka pa bokosi n'kukodola mlamu wawo kuti alowe m'malo mwawo. Aka kanali koyamba kuwaona akumuitana popanda chipongwe. Amuna anga anagwira chogwirira cha bokosi ndi manja awiri, mwamphamvu. Ndinawayang'ana manja amenewo mpaka kumanda, ndipo nkhata yanga ndinaika osaiona.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. A ku Chiuta anatsanzika msanga poopa kutalika kwa ulendo. Pabwalo panatsala phulusa ndi mabenchi a kutchalitchi. Ndinakhala ndekha m'chipinda cha amayi, nsapato zawo za ulendo zili pakhomo. Tsiku lonse ndinkaopa kuti abale anga sawakhululukira amuna anga. Onse anawakhululukira, ena n'kuwatamanda kumene. Amene ndinatsala ndi ine, ndipo zimenezi zinandiopsa kuposa achimwene. Ine ndinkafuna amayi anga, ngakhale amanyazi.

Amuna anga anagogoda, n'kulowa ndi kapu ya madzi. Anati sindinamwe kanthu chiyambire m'mawa. Anatambasula dzanja kuti ndilandire. Ndinaliyang'ana dzanjalo, langa osanyamuka.

"Ikani pansi," ndinatero.

Anandiyang'ana, anamvetsa. Anawerama, anaika kapu ija pansi, n'kutuluka chafutambuyo.