Tsiku Limene a Chipani Anadzaonera Zidole Kwathu

Dzulo ndikukonza m'kabati ndinapeza kaseti yakale ya vidiyo, ikununkha fumbi ndi pulasitiki. Ndinangokhala nayo pansi ili m'manja.

Kasetiyo inandikumbutsa nthawi imene ndinali Sitandade 3 ku Mitundu, kumene amayi anali namwino. Amalume pochokera ku Joni anatibweretsera vidiyo ndi kaseti imodzi yokha, ya zidole zaubweya zimene zinkaimba ndi kuwerenga manambala m'Chingerezi. Masiku amenewo munthu ankatha kumangidwa chifukwa choonera zakunja, choncho tinkaonera titatsitsa mawu.

Loweruka lina masana tinamva kugogoda. Anali amuna awiri a chipani, ovala malaya ofiira.

"Mayi, tamva kuti muno mumaonetsa mafilimu oletsedwa," anatero wamkuluyo. "Yatsani tione."

Amayi potenga kasetiyo anaigwetsa pansi, kenaka anaitola n'kuilowetsa m'vidiyo. Ine ndinali nditamvapo za aphunzitsi ena a ku Nathenje amene anatengedwa osabwereranso.

Chithunzi chinayamba ndi kuphethira, kenaka panatulukira chidole chamaso ngati mazira, chikulimbana ndi nthochi yokana kusendeka. Wamkuluyo anaonera nkhope ili gwa. Mnzakeyo anadziluma mlomo, mapewa akugwedezeka, mpaka analephera kudzigwira naphulika kuseka.

"Ndi zimenezi basi?" anafunsa wamkuluyo.

"Ndi zomwezi, bambo. Ina tilibe," anayankha amayi.

Wamkuluyo anavula chipewa nakoka mpando. "Tabwezani pa nthochi paja. Mawa mundilole ndibwere ndi mwana wanga."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyi amayi anali atandigwira paphewa, chifukwa dzanja lawo lathukuta linayamba kumasuka.