Kukatenga Achimwene ku Chimbowera

Ndinanyamuka pa depoti ya Zomba m'mawa wa Loweruka, mvula itangokata kumene. Minibasi ya ku Kachulu inali itafa, choncho tinakwera matola, K20 munthu mmodzi. Ine ndinakhala pa thumba la mchere, mayi wina n'kundisungitsa nkhuku pamiyendo osandipempha n'komwe.

Ulendowu unali wokatenga achimwene anga a Saidi. Akomiti ya pagombe anawalanda khoka, ukonde wawo waukulu, chifukwa chopha matemba nyengo yotseka nyanja, ndipo iwo mopsa mtima anakakhala ku zimbowera, timisasa tomwe asodzi amamanga pa njedza zoyandama m'kati mwa nyanja ya Chilwa. Anatumiza mawu akuti kumeneko boma silifika. Koma alamu anga anali oyembekezera, masiku atayandikira. Anamwino anawauza kuti mwana wakhala molakwika, akadikirire ku chipatala chachikulu, iwo n'kukana kuti sapita popanda mawu a amuna awo.

Msewu unali phala lokhalokha. Cha ku minda ya mpunga ya Likangala galimoto inatitimira. Kondakitala anayang'ana nsapato zanga zopolisha nati, "Abwana a mu ofesi, inu mukankhe kumbuyo kwenikweni." Ndinafika ku Kachulu ndili ngati ndachokera kowokera mpunga.

Nditadya mpunga wa mlamba wowamba m'kalesitilanti kofolera udzu, ndinapeza a Bwanali, mkulu wa bwato yemwe ankawadziwa achimwene. Tinayamba ulendo dzuwa lili pamutu, iwo akukankha bwato ndi nsungwi yaitali. Titasiya chilumba cha Chisi kumbuyo tinalowa m'tinjira ta m'njedza, tokhotakhota mwakuti ndekha sindikanatulukamo.

"Aboma amafika kuno?" ndinafunsa.

"Amasochera," anatero a Bwanali. "Udzudzu ndi kolera ndiye njira amaidziwa bwino."

Nditaponda pa chimbowera, pansi panalowa ngati matiresi onyowa. Achimwene anatuluka m'kamsasa ali owonda, maso ofiira ndi utsi wowambira nsomba. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenaka anapita kukateleka tiyi m'kachitini.

Ndinaopa kuyamba ndi nkhani yeniyeniyo, choncho ndinayamba ndi za kuntchito. Masiku amenewo mu ofesi yomwe ndinkagwiramo ntchito yotaipa munali mutangobwera intaneti. Ndinawauza zimene mkulu wokonza makompyuta anatifotokozera, kuti kunja kuli anthu omwe amakasunga zolemba ndi malonda awo m'makina a pa tizilumba takutali, kuti malamulo a kwawo asawakhudze.

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti azungu nawonso ali ndi zimbowera! Zimawayendera?"

"Akuti kwa kanthawi. Makinawo amakhala pachilumba, koma mwini wake amagona kumtunda, banja lake lili kumtunda, ogula ali kumtunda. Boma limangokamudikirira pakhomo."

Anasiya kuseka. "Nanenso nsombazi sindingadye ndekha. Ndimatuma anzanga kukagulitsa ku Kachulu, ine n'kutsala ngati mbalame ya m'bango." Anandiyang'ana. "Iwe sunabwerere za makompyuta. Kunyumba kuli bwanji?"

Ndinawauza zonse. Iwo anapukusa kapu m'manja.

"Ndikangotsika pagombe andigwira."

"Mwina akugwiranidi, achimwene. Koma alamu akudikira inu, ndipo mwanayo sadikira munthu."

Anaika kapu pansi. Analowa m'kamsasa, anakulunga mkeka ndi kofia yawo ya ku mzikiti, nsomba zouma n'kusiyira mnzawo wa chimbowera choyandikana nacho.

Pobwerera anatenga nsungwi kwa a Bwanali n'kumakankha okha, mwachangu, osacheuka. Tinakocheza madzulo, ndipo munthu woyamba kumuona pagombe anali mlangizi wa zansomba, ataima pambali pa njinga yake. Achimwene anapita okha kukamupatsa moni.

"A Saidi, mwabwera," anatero mlangiziyo. "Mlandu wanu ulipo, sunafe, ndipo chindapusa mudzalipira. Khoka lili kwa apampando a komiti, talipachika pouma kuti makoswe asadye. Koma za mayi akunyumba tamva. Kaperekezeni kaye, mudzatipeza."

Tinawapeza alamu kunyumba kwawo ku Kachulu komweko atakhala pakhonde, chikwama atamanga kale. Anangoti, "Mwaonda," achimwene n'kuyankha, "Tiyeni, galimoto yomaliza ingatisiye."

M'matola obwerera ku Zomba ndinakhala kumbuyo ndikuwaona awiriwo, achimwene atatchinga alamu ndi mkono pa bampu iliyonse. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti malo obisalako lamulo alipodi, ndinawapondapo ndi mapazi anga, koma sungatengereko onse amene umawakonda. Mwana anabadwa pa opaleshoni sabata yotsatira, wamkazi, ndipo achimwene anakalipira chindapusa chawo asanamutche dzina.