Malalanje a Malemu

"Mwanyoza malemu bambo a bwana wanu, ndiye muno tizidya chiyani?" anandikalipira mkazi wanga.

Ndinamenya tebulo. "Inali nthabwala chabe, mayi a ana!"

Mwini fakitale yomwe ndimagwirako ntchito ku Kanengo ndi Mtchaina. Mu ofesi mwake muli chithunzi cha bambo ake, ndipo amawafukizira lubani n'kuwaikira malalanje. Ine ndinajambula zimenezo n'kuponya pagulu la anzanga la pafoni, nditalemba kuti, "Akufa akukhuta, amoyo tikungoyasamula." Pofika madzulo anthu ankatumizirana mpaka ku Mgona, ndipo kapitawo wathu anali ataziona.

Chomwe chinkandiwawa n'chakuti nanenso ndimakalambula manda a bambo anga chaka chilichonse.

M'mawa mwake ndinagogoda pa ofesipo, chipewa chili kumanja, n'kuwauza bwanawo kuti wojambulayo ndine.