Mota Yatsopano ndi Mawu a Atate

Ndikukumbukira kashopu ka a Jafali kuseri kwa msika wa Katete, mmene munkanunkha mtovu wopserera ndi fumbi la mawailesi akufa. A Jafali anali Msilamu wobadwira ku Malawi, wokonza mawailesi, mafani ndi masimbi. Ine ndinali kamtsikana ka giredi faivi ka manja oyabwa. Chilichonse chozungulira ndinkafuna kudziwa chimene chikuchizunguza, moti amayi ankandibisira wailesi yawo ya kaseti m'sutukesi ngati shuga.

Sikuti wailesiyo inali yamtengo. Nkhani inali pa kaseti imodzi imene atate anajambulamo mawu awo kwathu ku Mkaika, akuimba nyimbo za kutchalitchi ndi kucheza nafe. Anamwalira ine ndisanayambe sukulu, ndipo mawu awo sanatsale kwina kulikonse. Tsiku lina wailesiyo inangokhala chete, osazunguzanso kaseti. Amayi anaikulunga m'chitenje, tinauyamba wa ku Katete.

A Jafali atatsegula kumbuyo anangonunkhiza n'kunena kuti mota yozunguza kaseti yapsa. Anakoka katoni yodzaza timamota tochotsa m'mawailesi ena, natola kamodzi. Batire analiyesa kaye ndi waya palilime, akukwinya nkhope. Kenaka anamata kakhoko ka chimanga pansonga ya mota, nagunditsa waya wofiira ndi wakuda pamabatire. Kakhoko kaja kanayamba kuzungulira mpaka kusaoneka. Ataona kuti mphuno yanga yatsala pang'ono kulowa m'manja mwawo, anandiikira motayo pachikhatho. Inkanjenjemera ngati chiwala chogwidwa, ine kukondwa mpaka kuiwala chimene tinadzera.

Anasinthanitsa mawaya aja, kakhoko n'kuyamba kuzungulira chobwerera. "Waona?" anatero. "Ukalumikiza chonchi, wailesi imatafuna tepi." Amayi atamva zimenezo anaifumbata kaseti yawo pachifuwa. A Jafali anawotcherera mawaya ndi chitsulo chotenthetsa pambaula, nayesa kaye ndi kaseti ina yakale ya m'shopumo. Nyimbo inamveka bwinobwino. Apo m'pamene amayi anapereka yawo, koma monyinyirika.

Mawu amene anatuluka anali aang'ono, othamanga, ngati a kamwana kothamangitsidwa ndi galu. Ine ndinaphulika kuseka, koma nditaona nkhope ya amayi phwete linandithera.

"Awa si iwo," anatero amayi. "Mwandiwonongera, bambo."

A Jafali sanakwiye. Anangofunsa ngati mabatire anali atsopano tsiku lojambulalo. Amayi anayankha kuti atsopano akanachokera kuti kumudzi? Ankawayanika padzuwa ndi kuwagogoda ndi mwala kuti apatseko kamoto. A Jafali anagwedeza mutu. Anati mabatire otopa ankazunguza mota mwaulesi, ndipo mawu analowa m'tepi paliwiro laulesilo. Mota yakale ija inali nayo yokalamba, n'chifukwa chake inkagwirizana ndi kasetiyo, pomwe yatsopanoyi inkawathamangitsa atate. Anandionetsa kabowo kumbuyo kwa mota, mmene munali kasikuluwu kochepetsera liwiro.

"Koma malemuwo ine sindinawamvepo," anatero. "Khutu ndi lanu, mayi. Iwe wamanja oyabwa, gwira sikuludiraiva."

Ndinapotoza. Mawu anatsika, natsikabe, mpaka atate anayamba kuimba ngati ng'ombe yokhuta. Ndinabweza, anakhalanso kamwana. Pakati pa ziwirizo panali atate anga, koma ine sindinkadziwa kuti ali pati. Mantha anandigwira, chifukwa ndinazindikira kuti mawu awo enieni ndinalibe m'mutu. Ndinkangodziwa a m'wailesi.

Amayi anali atatifulatira, ataima pakhomo, akuyang'ana kumsewu kumene anyamata ankaitanira minibasi ya ku Chipata. "Tsitsa pang'ono," anatero osacheuka. Ndinapotoza mwamantha. "Pang'ononso. Ima."

Nyimbo inadukiza, ndipo mawu ofatsa a munthu wamkulu anadzaza kashopu konse, akunditchula dzina: "Tisa, siya mabatani, bwera uimbe." Mawuwo ndinali nditawamvapo kambirimbiri, koma tsikulo ndinachotsa dzanja pawailesi msangamsanga ngati ndagwidwa. A Jafali anaseka mpaka kutsokomola, akuti kani matendawa ndi akalekale. Amayi nawo anaseka, misozi ili mbwembwembwe. A Jafali anadonthezera kandulo pakabowo kaja kuti wina asadzapotozenso, akundiyang'ana ine.

Kuyambira pamenepo wailesi yathu inkaimba makaseti ena onse mokoka, ngati kwaya yanjala. Alendo ankati tikaikonzetse. Amayi ankangoti ili bwino.

Lero ndili ndi kashopu kanga ku Sinda, ndimakonza mamota a mafani ndi makina ometera. Ndili ndi mita yoyezera magetsi, lilime langa linapuma. Makaseti anatha, amayi nawo anatisiya, ndipo mawu aja ndinawajambula m'foni kuchokera pa wailesi yomweyo. Tsiku lina mwana wanga, amene anatengera manja anga, anapeza batani lothamangitsira mawu m'fonimo. Anandifunsa kuti ndimadziwa bwanji kuti agogo ake ankalankhuladi choncho.

Ndinamulanda foni ija, ndinabweza liwiro pamalo pake. Ndinamuuza kuti ine sindidziwa, koma apa m'pamene amayi anati ima.