Chaka Chimene Ndinali Herode

Mdzukulu wanga akudula katoni kuti apange chisoti cha sewero la Khirisimasi, ndipo mkwiyo wakale wandibwerera.

Ndili mwana, m'katchalitchi kathu kofolera udzu ku Makanjira, Herode wa m'sewero lotere ndinali ine. Mawu anga ndinaloweza Adiventi yonse. Tsikulo, nditangokuwa kuti, "Asilikali, iphani ana onse!" anzanga analowa ndi mfuti za mapesi. Amayi othawa nkhondo ku Mozambiki ananyamula makanda awo n'kudumpha pawindo, liwiro la kutchire. Mariya wathu, mwana wa mmodzi wa iwo, anawatsatira, Yesu ali kumsana.

"Bwererani, sindinamalize!" ndinalira, chisoti chitapendekeka.

Akatekisiti anathetsa sewerolo pomwepo. Amayi aja sindinawapatse moni mpaka Chaka Chatsopano. Anthu akuluakulu osadziwa sewero!

Ine Herode ndinangomuloweza. Iwo anali atakumana naye.