Chaka Chimene Amayi Ankatuluka Thukuta M'chisanu

Ndikukumbukira chisanu cha kwathu kuseri kwa phiri la Dedza, chija cholowa mpaka m'mano. Mwezi wa Juni nkhungu inkatsika m'phiri n'kuphimba mudzi wonse, moti mbuzi unkangoimva kulira osaiona. Ana tinkayenda manja ali m'khwapa, mapazi atachita ming'alu. Koma chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi anga ankamva kutentha.

Pakhomo tinali awiri. Abambo anali ku Halale kuminda ya fodya, chaka chachitatu osabwera. Achemwali anga anali atakwatiwa kutali, ine ndiye womaliza. Amayi sanali a m'mudzimo. Kwawo kunali kuchigwa, ulendo wa masiku awiri wapansi, ndipo ngakhale anakalambira pabanjapo, akuchimuna ankawatchabe mlendo.

Zinkawayamba mwadzidzidzi. Tili m'dimba kukumba kachewere, ankangoponya khasu pansi. Thukuta linkayambira pamphumi n'kutsikira m'khosi, duku n'kunyoweratu. Ankathamangira kumtsinje, kuviika nsalu m'madzi oti ine sindikanayerekeza kupondamo, n'kuikulunga m'khosi. Kenaka ankakhala pamwala poomba mphepo, akupuma wefuwefu. Pakapita kanthawi ankayamba kunjenjemera, n'kupempha kansalu kanga kuti afunde. Tiyi anasiya, tsabola anasiya, ndipo kulikonse kumene tinkapita ine ndinkanyamula chipanda cha madzi. Tsiku lina anandikalipira koopsa chifukwa cha nkhuku yolowa m'nyumba, kenaka ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akulira. Ndikafunsa ankangoti, "Ndi timalungo chabe. Usauze munthu."

Za malungozo sindinauzedi munthu. Chimene chinandipulumuka pakamwa ndi china.

Panali ntchito imene ndinkaikonda. Mwezi uliwonse, kwa masiku angapo, amayi ankandiitana kuti ndithire mchere m'ndiwo, poti mwambo sunkalola mkazi amene ali kumwezi kuthira mchere. Ine chifukwa chake sindinkachidziwa. Ndinkaona ngati ndi ulemu, komanso unali mpata wonyambita chikhatho. Ndiye panadutsa miyezi osandiitana, ndipo zinandiwawa. M'mawa wina pachitsime azakhali anga aNangozo, mlongo wa abambo, anandifunsa moseka ngati ndayamba kuphika.

"Kuphika kuti?" ndinadandaula. "Ngakhale mchere sandithiritsanso. Kuyambira pa Khirisimasi akuthira okha."

Azimayi onse pachitsimepo anatembenuka. Azakhali anasiya kutunga.

"Wati kuyambira liti?"

Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva kuti amayi ali ndi pakati, mwamuna ali ku Halale. Azakhali anabwera kwathu, mphasa anaikana, n'kuima pabwalo manja ali m'chiuno.

"Alamu, mlongo wanga akuvutika kuchilendo, inu kuno mwachita chiyani?"

"Alamu, ine ndakula," anatero amayi motsitsa mawu. "Chimene chikuchitika m'thupimu sindikuchidziwa, koma si mwana ayi."

Tsoka lake, kutentha kuja kunawapeza pomwepo. Ndinaona thukuta likuyenderera m'masaya mwawo, iwo akuyesa kulipukuta ndi nsonga ya duku.

"Taonani," anatero azakhali, akuloza. "Chisanu chonsechi, thukutalo n'lachiyani ngati simunalakwe?"

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu panazizira. Amayi akapita kumtondo, anzawo ankapeza chifukwa chonyamulira malichero awo. Kutchalitchi pamphasa ya azimayi pankatsala danga mbali zonse ziwiri za amayi, loti mwana n'kugonapo. Anzanga anawaletsa kusewera nane, choncho ndinkachita phada ndekha kukhonde, n'kumadziwerengera ndekha zigoli. Wina analembera abambo kalata. Bulangete limene ankatumiza chaka ndi chaka, chaka chimenecho silinabwere.

Ndinasunga mlandu wanga mumtima sabata yathunthu. Ndinaulula kwa amayi tili panjira ya kunkhuni, pakati pa mitengo ya paini, ndikuyembekeza kuti athyola kamtengo. Koma sanathyole.

"Unanena zoona, mwanawe. Nyamula chipandacho tizipita."

Ndikanakonda akanandikwapula.

Chisanu chinatha, tinasosa, mvula inagwa, chimanga chinafika m'chiuno. Azimayi ankayang'ana pamimba pa amayi ngati akudikira dzungu kuti likhwime, koma m'malo mokula, amayi anangoonda. Palibe anapepesa. Tsiku lina azakhali anangotulukira kudzabwereka sefa, n'kufunsa ngati nkhuku zathu zikuikira. Amayi anawapatsa sefayo ndi manja awiri. Abambo anabwera patatha zaka zina ziwiri, ali ndi njinga ndi chifuwa chosatha, ndipo nkhaniyo sanaitchule mpaka imfa yawo.

Zanga zinandipeza amayi atamwalira kale. Nditayamba kunyowa ndi thukuta m'kalasi pamaso pa ana amene ndinkawaphunzitsa, ndinapita kuchipatala. Namwino wa msinkhu wa mwana wanga anandiuza kuti ndikusiya kusamba, kuti si matenda, kuti ndizivala zopepuka, ndizimwa madzi ambiri, ndipo zikanyanya ndibwerenso. Zonsezo anazinena nthawi yosakwana kuwiritsa madzi a tiyi.

Masiku ano ana anga aakazi amaimbirana foni n'kumaseka za thukuta lawo, wina akulangiza mnzake chochita. Ndimakondwera kuwamva. Koma tsiku lija pochokera kuchipatala, minibasi itaima pa Chimbiya, ogulitsa akugogoda mawindo, ndinayamba kuwerenga pa zala azimayi achikulire a m'mudzi mwathu muja, amene anali atadutsamo kale m'zimenezi. Zala zinandithera. Onsewo ankadziwa chimene chinkawavuta amayi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzakhala nawo pansi n'kuwauza.